Mwana akadwala maganizo, bambo aitanidwe ndi dzina

Mukadutsa m'mawa pa kiliniki ya khonsolo ku Mbare, ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa muno mu Harare, ku Zimbabwe, tayang'anani amene akhala pa benchi ndi ana. Ndi amayi, ndi agogo aakazi, pena mchemwali wa mwanayo atajomba kusukulu. Pa mwana wa chifuwa kapena wotsegula m'mimba zimenezi sizivuta kwenikweni, chifukwa akalandira mankhwala nkhani imakhala yatha. Koma pa mwana amene wasiya kucheza ndi anzake, amene akukana sukulu, amene akukodzabe pogona ali ndi zaka 10, kapena amene wayamba kudzitema pamkono ndi lezala, nkhani siithera m'chipinda cha anamwino. Imakathera kunyumba madzulo, mayi akamafotokozera mwamuna wake zimene amuuza, mwamunayo n'kuyankha kuti, "Mwanayu sakudwala, mwamulekerera ndinu." Zonse zimene namwino anakonza kwa theka la ola zimafera pa mawu amenewo.

Mlandu umenewu tisaukankhire kwa abambo okha. Chipatala, sukulu ndi mabungwe othandiza ana anazolowera kugwira ntchito ndi mayi, bambo n'kumamuona ngati chikwama cha ndalama kapena ngati mkwapulo. Ine ndikuti mwana wovutika maganizo akangofika tsiku loyamba, bambo ake, kapena mwamuna amene waima pamalo pa bambo, aziitanidwa ndi dzina, pa nthawi imene angathe kubwera, ndipo azipatsidwa ntchito yeniyeni yokagwira kunyumba. Kupanda kutero tikutungira madzi m'dengu.

Ana oterewa si ochepa. Bungwe la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda a maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Pamene madokotala a zamaganizo m'dziko lino la anthu opitirira 15 miliyoni ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo ali muno mu Harare. Ku Annex, gawo la matenda a maganizo la chipatala cha Parirenyatwa, kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, komwe ambiri timangoti ku Gomo, mwana akaonedwa lero amapatsidwa tsiku lobweranso patatha masabata angapo. Masiku onse a pakatiwo ali m'manja mwa anthu a pakhomo. Chipatala chenicheni cha mwana ameneyu ndi nyumba imene amagona.

Tiyambe ndi kupima. Matenda a maganizo a mwana saoneka m'magazi kapena pa ekisireyi. Wopima amadalira zimene amuuza anthu okhala ndi mwanayo, ndipo munthu mmodzi saona zonse. Mwana wosakhazikika, amene satha kumvetsera nthawi yaitali, vuto limene madokotala amalitcha ADHD, sanganenedwe kuti ali nalo pokhapokha zizindikirozo zitakhalapo miyezi 6 kapena kupitirira, zitayamba asanakwanitse zaka 12, komanso zikuoneka m'malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba ndi kusukulu. Tsono ngati mwanayo amavuta akakhala ndi mayi koma amakhazikika maola awiri akuthandiza bambo ake kupala matabwa ku Glen View, wopima ayenera kudziwa zimenezo. Zimasintha maganizo ake onse. Ndipo pali mbiri ya kumtundu imene mayi sangaidziwe: mchimwene wa bambo amene ankagwa khunyu, azakhali amene anadwalapo misala atabereka, msuweni amene anadzipha n'kubisidwa kuti anafa ndi malungo. Ngakhale kukodza pogona kumayenda m'magazi. Bambo amene naye anakodza pamphasa mpaka zaka 9 akanena zimenezo pamaso pa mwana wake, manyazi a mwanayo amatsika kuposa mmene mankhwala alionse angawatsitsire.

Kenako pali nkhani ya ulamuliro. M'mabanja ambiri ndalama ya kombi yopitira ku Gomo imachokera m'thumba mwa bambo. Ndi iye amene amati mankhwala agulidwe kapena adikire kumapeto kwa mwezi. Ndi iyenso, pamodzi ndi akuluakulu a kwawo, amene amagamula zoti mwana atengeredwe kwa sing'anga, kwa mneneri kapena kumudzi. Munthu amene ali ndi mawu omaliza pa zonsezi ndiye amene sanamve ndi makutu ake chifukwa chake mwana akumwa mankhwala. Nanga tidabwe bwanji chithandizo chikaduka panjira?

Chifukwa chiyani sabwera? Yankho la msanga ndi loti amuna ndi ouma mitu ndipo anakula akumva kuti mwamuna salira. Zoona zilimo, koma si zonse. Mlonda amene waweruka 6 koloko m'mawa, kalipentala wa ku Siyaso, wonyamula katundu pa Mbare Musika, wosamalira maluwa ku Borrowdale, onsewa akaima pa mzere kuyambira 7 koloko mpaka masana ndiye kuti tsiku limenelo pakhomo sipaphikidwa ndiwo. Kalata ya kusukulu imati "abwere kholo", ndipo aliyense amadziwa kuti kholo lake ndi mayi. Pa khadi pamalembedwa nambala ya foni imodzi. Ndipo bambo amene walimba mtima n'kubwera, kawirikawiri amapatsidwa moni kenako mafunso onse n'kulunjika kwa mkazi wake, iye atangokhala ngati dalaivala. Akafunsidwa kanthu, limakhala funso lomuzenga: "Kodi mumamumenya mwanayu? Mumamwa mowa?" Munthu wotere sabweranso.

Zokonza zake sizifuna ndalama za boma zambiri. Namwino kapena mphunzitsi wolangiza ana alembe manambala awiri pa tsiku loyamba. Aimbe yekha foni kwa bamboyo, osatumiza uthenga kudzera mwa mayi, chifukwa mawu a chipatala akadutsa pakamwa pa mkazi amasanduka mkangano wa m'banja. Mawu oitanira akhale oona ndi aulemu: "Bambo a Tadala, pali zina zokhudza mwana wanu zimene inu nokha mungatiuze. Tikupempha mphindi 30 zokha. Mungapezeke tsiku liti?" Apatsidwe ola lenileni, loyamba m'mawa kapena lomaliza madzulo, ndipo ola limenelo lisungidwe. Akafika, funso loyamba lisakhale la zolakwa. Afunsidwe zimene mwana wake amachita bwino, ndi zimene iye monga bambo akuganiza kuti zavuta. Ngakhale atayankha kuti ndi ufiti kapena ulesi, yankho limenelo lilembedwe mosamunyoza, poti ndi pamene kukambirana kuyambire. Asanatuluke apatsidwe ntchito imodzi yokha, yowerengeka, ndi tsiku lodzafunsidwa mmene yayendera.

Abambo ambiri a ana athu ali ku Johannesburg, ku Polokwane, kumigodi kapena kumafamu. Ameneyo tisamuwerenge ngati kulibe. Munthu amene amatumiza ndalama pa Mukuru kapena pa EcoCash mwezi ndi mwezi amalamulabe pakhomo, ndipo foni imodzi yochokera kwa iye itha kuimitsa mankhwala. Aikidwe pa WhatsApp kwa mphindi 10 pamene mayi ndi mwana ali m'chipinda cha wolangiza. Ntchito yake ikhale kuimbira mwanayo kawiri pa sabata, masiku odziwika, osafunsa za magiredi kapena kupereka chiweruzo pa milandu imene wamva, koma kucheza basi.

Chilankhulo nachonso chimatsekereza. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amatchula Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, koma kuchipatala zonse zimayenda m'Chishona ndi m'Chingerezi. Achinyamata obadwira kuno sizivuta. Agogo aamuna amene akulera zidzukulu ku Epworth kapena ku Rugare amalankhula Chishona cha pamsika bwinobwino, koma za mumtima zimatuluka m'Chichewa kapena m'Chiyao. Pakafunika womasulira akhale munthu wamkulu amene banjalo lamusankha. Mwana wodwalayo asakhale womasulira nkhani yake yomwe.

Apa pali mfundo imene ogwira ntchito zaumoyo ambiri mu Harare saidziwa za ife amene makolo athu anachokera ku Malawi. Kwa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, atsibweni, ndipo bambo kale ankakhala mkamwini pamudzi wa eni. Kuno tinakwatirana ndi Ashona, kumene mwana amatsata bambo malowolo akaperekedwa, ndipo azakhali ndi amene amamva zinsinsi za mtsikana. Zotsatira zake n'zakuti pakhomo pamodzi pakhoza kukhala malamulo awiri. Bambo avomera kuti mwana amwe mankhwala, malume n'kutumiza mawu kuchokera ku Mufakose kuti mwana wa mlongo wake asapatsidwe mankhwala a amisala. Kapena onse awiri amatayirana, wina kuti ndi udindo wa mnzake. Choncho funso lofunika pa tsiku loyamba si lakuti "bambo ake ali kuti?" lokha. Lina ndi ili: "Ndani m'banja mwanu amene akakana, palibe chimene chingachitike?" Ameneyo ndiye aitanidwe, kaya ndi malume, agogo, bambo womupeza kapena mchimwene wamkulu. Tili ndi mwambo wa ankhoswe, anthu amene amakhala pansi banja likagwedezeka. Palibe choletsa kuti nkhoswe imve kuchokera kwa namwino zimene mwana akudwala, bola mayi ndi mwanayo avomereze, ndipo zinsinsi zimene mwana wanena payekha zisatulutsidwe.

Tsopano kwa inu abambo. Mwaitanidwa, mwapita, mwabwerako. Muchite chiyani?

Choyamba ndi nthawi, ndipo ndi yochepa kuposa mmene mukuganizira. Mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse, inu ndi mwanayo awiriwiri, foni ili m'thumba. Asankhe yekha chochita: bawo, mpira wachikulunga, kujambula, kukonza njinga. Pa mphindi zimenezo musaphunzitse, musakonze zolakwa, musafunse za sukulu. Muzingonena zimene mukuona: "Waumanga molimba mpirawu." Ambiri amalephera pano chifukwa amasandutsa nthawiyi kukhala mphoto, mwana akalakwa n'kumulanda. Ayi. Tsiku limene wavuta kwambiri ndi limene akuifuna kwambiri. Kwa wachinyamata wa zaka 14 kapena 16 kukhala moyang'anizana kumamumanga pakamwa. Yendani naye popita kukagula buledi, kapena mugwire ntchito limodzi. Anyamata amalankhula bwino manja ali pa ntchito, maso ali kwina.

Chachiwiri ndi kalamulidwe. Mwana wosamva nthawi zambiri amalamulidwa zinthu zisanu nthawi imodzi, mokuwa, wolamulayo ali panja. Yandikirani, mutchuleni dzina, dikirani akuyang'aneni, nenani chinthu chimodzi chimene achite, osati chimene asachite: "Ika nsapato kuseri kwa chitseko." Werengani chamumtima mpaka 5 musanabwereze. Akachita, muyamikireni pomwepo ndipo mutchule chimene wachitacho. Kungoti "wachita bwino" sikumuphunzitsa kanthu. Akakana, kwa mwana wa zaka 3 mpaka 10, akhale pa mpando pamalo opanda chosewera kwa mphindi zofanana ndi zaka zake, wa zaka 6 mphindi 6. Pa chipinda chimodzi cha lendi ku Matapi, mpando wa pafupi ndi khomo ukukwana. Osamutsekera mumdima, osamumana chakudya. Dziwiranitu kuti sabata yoyamba khalidwe limayamba laipiraipira, chifukwa mwana akuyesa ngati lamulo latsopanoli ndi lenileni. Mabanja ambiri amasiyira pamenepo n'kunena kuti njirayi siigwira. Imagwira ngati bambo, mayi ndi agogo akuchita chimodzimodzi. Mmodzi akamalanga wina n'kumapereka switi kuseri, mwana amaphunzira kusewera pakati pa akuluakulu.

Za mkwapulo ndinene mosabisa. Ambiri tinakula nawo ndipo timati m'mera mpoyamba. Koma mwambi umenewu ukunena za kuwongola, ndipo mwana wodwala nkhawa kapena wokhumudwa sawongoka ndi lamba. Amaphunzira kubisa. Wokodza pogona sachita dala. Kumumenya kumawonjezera mantha, ndipo mantha amawonjezera kukodzako. Chothandiza ndi kuchepetsa zakumwa ola limodzi kapena awiri asanagone, kupita kuchimbudzi asanalowe m'bulangeti, kuona ngati sakudzimbidwa, ndi kukayezetsa mkodzo. Ngati anali atasiya kwa miyezi 6 kenako n'kuyambiranso, funani chifukwa: matenda a m'chikhodzodzo, shuga, maliro, kuvutitsidwa kusukulu, kapena kugwiriridwa. Ngakhale malamulo a dziko lino akusuntha, poti kusintha kwa lamulo la maphunziro mu 2020 kunaletsa kukwapula ana m'masukulu.

Chachitatu ndi kabuku. Kope la masamba 32 likukwana. Tsiku lililonse mizere itatu: wagona nthawi yanji ndipo wadzuka nthawi yanji, wadya bwanji, chavuta n'chiyani ndipo chisanavute kunachitika chiyani. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Wachinyamata amene akugona maola 5 chifukwa cha foni amaoneka waulesi ndi waukali masana. Mafoni onse, ya bambo yomwe, azigona pamalo amodzi. Kabukuka mukapita nako kwa dokotala, mphindi 10 zimene ali nazo zimagwira ntchito ya ola.

Mankhwala ndi pamene bambo wosauzidwa amawononga zambiri mosadziwa. Ana ambiri ovutika maganizo safuna mapiritsi. Chithandizo choyamba ndi kulankhulana ndi kusintha zinthu pakhomo ndi kusukulu, ndipo malangizo a WHO amati mwana wosakwana zaka 12 asapatsidwe mankhwala a matenda okhumudwa. Wachinyamata akapatsidwa, monga fluoxetine, phindu lake limaoneka bwino patatha masabata 4 mpaka 6. Bambo amene sanauzidwe zimenezi amaona sabata ziwiri zadutsa popanda kusintha n'kunena kuti ndalama zikungotayika. Komanso m'masabata oyambawo mwanayo ayenera kuyang'aniridwa kwambiri, chifukwa ena amasowa mtendere ndipo maganizo odzipweteka amatha kukula. Zikatero bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Akayamba kupeza bwino musaimitse nokha. Mapiritsi asunge munthu wamkulu, pokiya, ndipo aziperekedwa a tsiku limenelo okha.

Khunyu si misala, koma m'zipatala zathu limayendera khomo lomwelo, ndipo ndi pa khunyu pamene mabanja amathamangira kwa asing'anga ndi kumapiri kukapemphera. Silipatsirana, ngakhale kudzera m'thovu la kukamwa. Anthu ofika 70 pa 100 aliwonse akhoza kukhala osagwa ngati akumwa mankhwala oyenera mosadukiza. Kuwasiya mwadzidzidzi, kaya chifukwa mneneri wati mwana wachira kapena chifukwa atha pa 25 mwezi usanathe, kukhoza kubweretsa kugwa kosalekeza kumene kumapha. Ntchito ya bambo apa ndi yowerengeka: kuwerenga mapiritsi Lamlungu lililonse ndi kukatenga ena kutatsala a masiku 7. Mwana akagwa mugonekeni chammbali, chotsani zomupweteka, musaike supuni kapena chala m'kamwa, musamuthire madzi, ndipo yang'anani wotchi. Zikapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala. Sindikuuza munthu kuti asiye kupemphera. Pempherani, mwana akumwa mankhwala. Chokana ndi kumumanga maunyolo, kumusalitsa kudya masiku, kumutema mphini kapena kumumwetsa zosanzitsa.

Nkhani yovuta kuposa zonse ndi ya kudzipha, ndipo ndi pamene mawu a bambo amalemera. Mwana akakhala wokhumudwa kapena wokwiyakwiya pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri, wasiya zimene ankakonda, sakudya kapena sakugona, magiredi agwa, wayamba kugawa zinthu zake kapena kunena kuti "ndikanangofa mukanapuma", musadikire. Mufunseni mwachindunji, muli awiri, ndi mawu odekha: "Mwana wanga, kodi zafika poganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Akati inde, musakalipe, musalalikire za tchimo, musamuuze kuti akukuchititsani manyazi. Musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi a m'dimba, mapiritsi onse ndi zingwe. Maganizo amenewa amafika pachimake kwa nthawi yochepa, ndipo ngati chida chili kutali nthawiyo imatha kudutsa mwana ali moyo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116, yaulere, usana ndi usiku, ndipo kholo nalonso likhoza kuimba. Masiku oyenera kutchera khutu kwambiri ndi pamene zotsatira za mayeso a ZIMSEC zatuluka, pamene chibwenzi chatha, pamene mtsikana wazindikira kuti ali ndi pakati, ndi pamene wachinyamata wauzidwa kumene kuti ali ndi HIV. Pa chomalizachi, a bungwe la Zvandiri ali ndi achinyamata anzawo ophunzitsidwa amene amayenda nawo.

Mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro (crystal meth) asautsa m'makomboni onse. Zizindikiro zake makolo ambiri akuzidziwa tsopano: kukhala masiku awiri kapena atatu osagona kenako kugona ngati wafa, kuwonda, kukayikira aliyense, katundu kusowa m'nyumba. Enanso ali pa bronco (mankhwala a chifuwa oledzeretsa), pa musombodia (mowa wosaloledwa) ndi pa chamba. Abambo ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri, kumenya kapena kuthamangitsa, ndipo zonsezi zimamupereka mwanayo kwa ogulitsa. Musakambirane naye ataledzera kapena asanagone. Dikirani adzuke, adye. Musamupatse ndalama m'manja, mugulireni chimene akufunacho. Lamulo likhale lochepa ndi losasintha: chakudya ndi pogona zilipo, kuba ndi kumenya anthu ayi. Akayamba kumva mawu a anthu amene palibe kapena kuopseza ndi mpeni, imeneyo ndi ngozi ya kuchipatala, osati ya chingwe ndi chipinda chokiya. Ndipo yembekezerani kuti akhoza kubwereranso kamodzi kapena kangapo asanasiyiretu. Kubwererako sikutanthauza kuti chithandizo chalephera.

Wina anena kuti, nanga ngati bamboyo ndiye gwero la vuto? Funso limeneli ndi lolemera ndipo lisapeputsidwe. Alipo ana amene akudwala chifukwa usiku uliwonse amamva mayi awo akumenyedwa, ndipo alipo amene akugwiriridwa ndi mwamuna wa m'nyumba momwemo. N'chifukwa chake dongosolo la kuitana lili ndi poyambira pake. Mayi afunsidwe payekha kaye: "Kodi muli otetezeka kunyumba? Mukuvomera kuti tiwaitane?" Mwana amene wafika pomatha kufotokoza aonedwenso payekha. Pakapezeka nkhanza, bambo ameneyo saitanidwa kukakhala m'chipinda chimodzi ndi amene akuwazunza, ndipo nkhaniyo siyotengera kwa ankhoswe kuti ikathere pa mbuzi. Ipite ku Victim Friendly Unit ya apolisi ndi kwa a Social Development, nthambi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo mwana wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Gawo 81 la malamulo oyendetsera dziko limaika ubwino wa mwana patsogolo pa china chilichonse pa nkhani zomukhudza. Koma kukhalapo kwa abambo oipa si chifukwa chotsekera khomo abambo onse. Kufunsa kaye ndiko kumasiyanitsa. Ndipo mayi amene akulera yekha asachoke kuchipatala akumva ngati mwana wake sachira chifukwa palibe mwamuna. Ana ochuluka amachira m'manja mwa mayi ndi agogo okha.

Chotsala ndi mutu wa bamboyo. Ntchito ikatha, lendi ikakwera, ziphaso za ana zikamavuta chifukwa agogo anabwera kuchokera ku Dedza kapena ku Mangochi opanda mapepala, mwamuna sanena kuti ndakhumudwa. Amamwa, amakwiya, amachedwa kubwera kunyumba. Pafupifupi bambo mmodzi mwa 10 aliwonse amadwala matenda okhumudwa pa nthawi imene mkazi ali ndi pakati kapena mwana atangobadwa, ndipo palibe amene amamufunsa. Mwana amayamwa zimenezo ngakhale palibe amene wamuuza.

Harare ili ndi chida chimene mayiko ena akubwera kudzaphunzira. Friendship Bench inayambira ku Mbare mu 2006 pansi pa Dr Dixon Chibanda: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki, n'kumathandiza munthu wa kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso, kuti atchule mavuto ake, asankhe limodzi, apeze njira ndi kuiyesa, pa maulendo okwana 6. Kafukufuku amene anachitika m'makiliniki 24 a mumzinda muno n'kusindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imathandizadi. Koma mwa anthu 573 amene analowa m'kafukufukuyo, 86 pa 100 aliwonse anali akazi. Benchi ilipo, amuna sakhalapo.

Ndiye benchi ipite kumene amuna akhala kale. Ife a kuno tili ndi mabungwe a maliro amene amakumana mwezi ndi mwezi, ali ndi wapampando, mlembi ndi buku la ndalama, ndipo akhala akuyenda kuyambira nthawi ya agogo athu. Tili ndi misonkhano ya abambo mu CCAP ya Sinodi ya Harare ndi m'mipingo ina, tili ndi mizikiti imene imadzaza Lachisanu, tili ndi akuluakulu a gule ndi a beni amene anyamata amawamvera kuposa aphunzitsi, tili ndi mpira wa Lamlungu. Namwino wa zamaganizo kapena wolangiza akapemphedwa mphindi 20 pa msonkhano wa bungwe la maliro, zokamba zisachuluke: zizindikiro za ngozi, nambala ya 116, mmene khunyu limagwiridwira, ndi dzina la kiliniki yoyandikira. Bungwe lililonse lisankhe amuna awiri okhwima maganizo, osunga chinsinsi, amene bambo angawaimbire usiku mwana akavuta, ndi amene angamuperekeze ku Annex tsiku loyamba. Ndipo m'buku limene mumalembedwa ndalama ya bokosi ndi ya basi yopita kumanda, muwonjezedwe mzere wina wa ndalama ya kombi ya anthu atatu, bambo, mayi ndi mwana, pa maulendo atatu oyamba a kuchipatala.